Kuika turbo pa injini yaing'ono ya dizilo

Kuika turbo pa injini ya dizilo yomwe inachoka ku fakitale yopanda turbo ndi ntchito imene amakaniko ndi eni magalimoto akale amachita pofuna mphamvu yowonjezera popanda kugula galimoto ina. Kawirikawiri imachitika pa injini zazing'ono za malita 1.5 mpaka 2.0 za m'zaka za m'ma 1970, 1980 ndi 1990, zomwe pampu yake ya mafuta siyendera kompyuta. Zina mwa izo ndi 1.6 D ya Volkswagen, XUD ya Peugeot ndi Citroën, komanso 2C ya Toyota. Injini zimenezi zimapirira, sizimwa mafuta ambiri, koma pachitunda zimakwawa. Turbo payokha siipatsa galimoto mphamvu, imangobweretsa mpweya wochuluka. Mphamvu imachokera m'mafuta owonjezera omwe mpweyawo umalola kuti apse, ndipo mafutawo amabwera ndi kutentha komwe injiniyo sinapangidwire. N'chifukwa chake gawo lalikulu la ntchitoyi ndi kulimbana ndi kutentha, osati kumanga turbo yeniyeniyo.

Pomwe injini yopanda turbo imathera mphamvu

Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsa moto monga ya petulo. Pisitoni imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri, kenako nozo imapopera dizilo m'mpweya wotenthawo ndipo imayaka yokha. Pa 1.6 D ya Volkswagen mpweya umapanikizidwa pafupifupi ka 23. Dalaivala akaponda moto sawonjezera mpweya ayi, amangouza pampu kuti ipereke mafuta ambiri. Mpweya umakhala womwewo: injini ya malita 1.6 imakoka malita osapitirira 1.6 pa maulendo awiri aliwonse omwe kilankishafiti yazungulira.

Kuti kilogalamu imodzi ya dizilo ipse yonse pamafunika makilogalamu pafupifupi 14.5 a mpweya. Koma dizilo imakhala ndi kanthawi kochepa zedi kosakanikirana ndi mpweya m'silinda, kotero injini imafuna mpweya woposa pamenepo. Mafuta akachuluka kuposa omwe mpweya ungathe kuwotcha, otsalawo amasanduka mwaye. Utsi wakuda womwe umatuluka kumbuyo kwa galimoto ya dizilo yomwe wina "waikweza pampu" ndi mafuta ogula ndi ndalama omwe sanagwire ntchito.

Vutoli limakula malo akakhala okwera. Mpweya umapepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi 10 peresenti ya mphamvu zake pa mamita 1,000 aliwonse. Ku Johannesburg, komwe ndi mamita pafupifupi 1,750 pamwamba pa nyanja yamchere, galimoto yomwe inali yochangamuka ku Durban imafika italefuka. Ku Lilongwe, pa mamita pang'ono kupitirira 1,000, mphamvu yolembedwa m'buku la galimoto siimapezeka yonse.

Mmene turbo imagwirira ntchito

Nzeru ya turbo ndi ya injiniya wa ku Switzerland, Alfred Büchi, yemwe anailembetsa mu 1905. Pa dizilo inayamba kugwira ntchito pa injini zazikulu za sitima zapamadzi ndi zapamtunda, kenako malole. Pa magalimoto ang'onoang'ono a dizilo inafika mochedwa: Mercedes-Benz 300 SD mu 1978, yomwe inkagulitsidwa ku North America, ndi Peugeot 604 mu 1979 ku Ulaya.

Turbo ili ndi timawilo tiwiri tamapiko tolumikizidwa pa kamtengo kachitsulo kamodzi. Kena kali m'njira ya utsi, kena m'njira ya mpweya wolowa. Utsi wotentha ukamatuluka umazunguza kawilo koyamba, ndipo kachiwiri kamakankhira mpweya m'masilinda, monga mvukuto wa wosula makasu umakolezera makala. Pa turbo yaing'ono kamtengoko kamazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi, kakuyandama pa oyilo wa injini. Mpweya ukafika mlingo womwe unaikidwa, kachitseko kotchedwa wastegate kamatseguka n'kulambalalitsa utsi wina kuti usadutse pa kawilo. Mlingo umenewu, womwe amakaniko amautcha boost, umayezedwa mu bar.

Zomwe Volkswagen inasintha

Njira yabwino yodziwira kukula kwa ntchitoyi ndi kuona zomwe kampani yopanga injini inachita itafuna chinthu chomwechi. Golf ya dizilo inatuluka mu 1976 ndi injini ya malita 1.5 ya mahosipawa 50. Mu 1980 injiniyo inakulitsidwa kufika malita 1.6 ndi mahosipawa 54. Mu 1982 kunabwera Golf GTD ndi 1.6 TD, ya turbo ya Garrett kapena KKK yopereka pafupifupi 0.7 bar. Mphamvu inakwera kufika mahosipawa 70, ndipo mphamvu yopotokola inachoka pa 100 Nm kapena pafupi pamenepo kufika 133 Nm.

Kunja injini ziwirizi zimaoneka ngati mapasa. M'kati muli kusiyana. Ya turbo ili ndi timipopi pansi pa silinda iliyonse topopera oyilo kunsi kwa pisitoni kuti izizire, ndipo pisitoni zake zinasemedwa m'mphepete kuti zisagunde timipopito. Ili ndi choziziritsira oyilo pomwe pamamangidwa fyuluta. Manozo ake amatseguka pa 155 bar pomwe a injini yopanda turbo amatseguka pa 130 bar. Hedi yake imamangidwa ndi mabawuti a mamilimita 12, pomwe injini zoyambirira zopanda turbo zinali ndi a mamilimita 11. Pampu yake ya Bosch VE ili ndi chipangizo chapamwamba chotchedwa LDA. Zonsezi zinachitika kuti papezeke mahosipawa 16 okha. Pofuna mahosipawa 80 pa Golf yachiwiri mu 1989, kampaniyo inawonjezera intercooler yoziziritsa mpweya usanalowe m'injini.

Apa ndi pomwe munthu wofuna kuika turbo ayenera kuyamba kuwerengera. Amene akuyembekeza kuwirikiza kawiri mphamvu ya 1.6 D ndi turbo yogula kwa ogulitsa zipangizo zakale akupempha zambiri kuposa zomwe akatswiri a fakitale analola pa injini yomwe anali atailimbitsa kale.

Ntchito yomanga

Pamafunika manifodi ya ekizozi yokhala ndi pokhazikapo turbo, ndipo yabwino ndi yochokera pa injini ya turbo ya banja lomwelo. Yowotcherera pamanja imang'aluka msanga chifukwa chitsulo chimafutukuka chikatentha n'kubwerera chikazizira. Paipi ya ekizozi imafunika yotakasuka, ndipo mapaipi a mpweya amafunika zomangira zolimba kuti asafwamphuke.

Chomwe chimapha turbo zambiri zomangidwa m'magalaji ndi njira ya oyilo. Paipi yobweretsa oyilo imatengedwa pomwe oyilo ali ndi mphamvu, nthawi zambiri pafupi ndi fyuluta. Yobweza ndiyo yovuta. Oyilo amatuluka m'turbo popanda chomukankha, amangotsika yekha, kotero paipiyo iyenera kukhala yonenepa, yolunjika pansi, yopanda popindika mokwera, ndipo ilowe m'sampu pamwamba pa mlingo wa oyilo. Ikalowa pansi pa mlingowo oyilo amadzadzana m'turbo n'kuyamba kudontha mbali zonse ziwiri, galimoto n'kumafuka utsi wabuluu. Ambiri amathamangira kunena kuti turbo yatha pomwe vuto ndi kapaipi kamodzi. Sampu iyenera kumasulidwa poboola, chifukwa tizitsulo totsalira m'kati tikalowa m'mabeyaringi ntchito yonse yawonongeka.

Kukula kwa turbo n'kofunikanso. Yaikulu imachedwa kudzuka pa injini yaing'ono, dalaivala amaponda moto n'kudikira. Ya galimoto yoyendera m'tauni ndi yaing'ono yomwe imayamba kukankha injini isanafike maulendo 2,000 pa mphindi.

Kutchera pampu

Turbo itamangidwa pampu isanakhudzidwe, galimoto imasiya kufuka utsi ndipo siitentha ngati kale, koma mphamvu siisintha kwenikweni. Apa dizilo imasiyana ndi petulo. Pa injini ya petulo kuchepa kwa mafuta ndiko kumawotcha pisitoni. Pa dizilo mpweya wochuluka umaziziritsa, ndipo choopsa ndi mafuta ochuluka.

Pa pampu ya Bosch VE pali sikulu yomwe imaika malire a mafuta omwe pampu ingapereke dalaivala ataponda mpaka pansi. Kuilowetsa m'kati kumawonjezera mafuta, ndipo kagawo kakang'ono ka kuzungulira kamodzi kamasintha zambiri. Imakwezanso liwiro la injini ikamalira galimoto itaima, lomwe limayenera kutsitsidwanso. Vuto ndi lakuti pampu ya injini yopanda turbo siidziwa ngati turbo yadzuka kapena ayi. Ikapatsidwa mafuta okwanira 0.7 bar, imawaperekanso ponyamuka pomwe turbo isanayambe kukankha, ndipo zotsatira zake ndi mtambo wakuda pa mphambano iliyonse.

LDA inapangidwira zimenezi. Ndi kachipewa kokhala pamwamba pa pampu, m'kati muli labala yopyapyala ndi sipuling'i, ndipo kapaipi kochokera ku manifodi ya mpweya kamalowa pamwamba pake. Boost ikakwera imakankha labalayo pansi, ndipo kachitsulo kosongoka komwe kali pansi pake kamasuntha malire a mafuta pang'onopang'ono. Motero mafuta amatsatira mpweya. Njira yosavuta ndi kugula pampu yonse ya injini ya turbo pamodzi ndi manozo ake, n'kupita nazo kwa akatswiri a mapampu omwe ali ndi benchi yoyezera. Nthawi yomwe pampu imapopera mafuta iyeneranso kuikidwa ndi geji, osati ndi khutu. Ikafulumira kwambiri injini imagogoda ndipo gasiketi imavutika. Ikachedwa utsi umatentha mopitirira.

Chida chomwe sichiyenera kusowa ndi geji yoyeza kutentha kwa utsi, yomwe kansonga kake kamalowetsedwa m'manifodi utsi usanafike pa turbo. Geji ya madzi yomwe ili kutsogolo kwa dalaivala imachedwa, ikamadzasuntha pisitoni imakhala itavulala kale. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, ndipo pisitoni imapulumuka utsi wotentha kuposa pamenepo chifukwa chakuti mpweya watsopano ndi oyilo zimaiziziritsa pakati pa kuyaka kulikonse. Otchera injini ambiri salola utsi kukhalitsa pamwamba pa madigiri 700, ndipo pa injini yopanda timipopi ta oyilo ndi nzeru kukhala pansi pake. Kuyesa kwenikweni si kuthamanga pa msewu wosalala kwa masekondi khumi. Ndi chitunda chachitali galimoto italemedwa, monga cha Khwekhwelere kuchokera ku Golomoti kukwera chaku Dedza, komwe phazi limakhala pansi kwa mphindi zambiri. Geji ikayamba kukwera mopitirira, dalaivala abwerere ku giya yotsika kuti injini izungulire mwachangu ndi mafuta ochepa.

Intercooler imathandiza kwambiri pamenepa. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndipo pa 0.7 bar tsiku lotentha umatha kuchoka pa turbo uli pafupi ndi madigiri 100. Kuuziziritsa kumauchititsa kukhala wolemera ndipo kumatsitsa kutentha kwa utsi popanda kukhudza pampu.

Zomwe zimawonongeka

Choyamba kugonja nthawi zambiri ndi gasiketi ya hedi. Chizindikiro chake ndi mapaipi a radiyeta olimba gwa ndi madzi otuluka m'botolo galimoto ikakwera phiri. Pa injini za Volkswagen gasiketi zilipo za makulidwe atatu, zodziwika ndi mabowo kapena timipata ta m'mphepete, ndipo yoyenera imasankhidwa poyeza mmene pisitoni yatulukira pamwamba pa buloko. Ena amaika yokhuthala kwambiri kuti achepetse kupanikiza kwa mpweya, koma mtengo wake ndi injini yovuta kulira m'mawa wa mwezi wa June ndi utsi woyera mpaka itatentha.

Injini zambiri za m'gulu limeneli sizipopera mafuta m'silinda mwachindunji. Zimapopera m'kachipinda kakang'ono ka m'hedi, momwe moto umayambira n'kutulukira pa kabowo kupita pa pisitoni. Kachipindako ndi malo ozungulira mavalavu ndi pomwe kutentha kumaunjikana, ndipo ming'alu ya m'hedi imayambira pamenepo. Injini yomwe yayenda makilomita ochuluka, yomwe imapumira utsi pa chitsekerero cha oyilo, siyenera kuikidwa turbo isanakonzedwe. Kilachi yakale nayonso imayamba kuterereka m'magiya apamwamba.

Ngozi yoopsa ndi injini yothawa. Turbo ikatayira oyilo wambiri m'njira ya mpweya, injini ya dizilo imatha kuyamba kuwotcha oyiloyo ngati mafuta. Liwiro limakwera lokha, utsi umadzadza msewu, ndipo kuzimitsa kiyi sikuthandiza chifukwa kiyi imangotseka dizilo. Njira ndi ziwiri: kuponda buleki mwamphamvu, kulowetsa giya yapamwamba n'kusiya kilachi kuti injini izime, kapena kutseka polowera mpweya ndi thabwa, osati ndi dzanja kapena nsanza.

Kusamala kwa tsiku ndi tsiku n'kochepa. Oyilo asinthidwe pafupipafupi kuposa kale, ndipo pambuyo pa ulendo wolemetsa injini ilire kaye mphindi imodzi kapena ziwiri isanazimitsidwe, kuti oyilo asapserere pa kamtengo ka turbo.

Mtengo ndi malamulo

Munthu akawerengera manifodi, turbo, pampu, manozo, mapaipi, choziziritsira oyilo, mageji ndi kilachi, nthawi zambiri amapeza kuti kugula injini yathunthu ya turbo ya banja lomwelo, monga 1.6 TD m'malo mwa 1.6 D kapena 2C-T m'malo mwa 2C, n'kotchipa ndiponso kodalirika. Kuika turbo pa injini yakale kumakhala ndi nzeru pomwe injiniyo ili bwino, cholinga chili chongobweza mphamvu yotayika pa malo okwera, ndipo boost yasiyidwa yochepa, pansi pa theka la bar. M'mayiko ambiri kusintha kotere kuyenera kudziwitsidwa ku kampani ya inshuwalansi, ndipo kusintha injini yonse kumafuna kuti nambala yatsopano ilembedwe m'mapepala a galimoto. Ku Britain galimoto ya dizilo imayezedwanso utsi pa mayeso a chaka ndi chaka a MOT, ndipo pampu yokwezedwa mopitirira imatha kuilepheretsa.