Mcheni safunsa kumene ubweya wachokera

Ukatsika mapiri a Kacholola pa msewu wa Great East n'kufika pa mlatho wa Luangwa, nsomba zouma zimakulonjera ndi fungo usanazione. Ambiri amene amazigwira ndi a ukonde, mono kapena mbedza yovekedwa nyongolotsi. Koma alendo ena amabwera ndi kabokosi ka nyambo zosadyeka: mbedza yokulungidwa ndi ulusi, ubweya ndi nthenga mpaka ioneke ngati kachilombo kapena kansomba. Luso limeneli ndi lakalekale, ndipo mbiri yake yambiri ndi ya kusakasaka ubweya.

Cha m'ma 200, mlembi wa ku Roma, Claudius Aelianus, analemba za asodzi a ku Macedonia amene ankakulunga ubweya wofiira pa mbedza n'kumangirapo nthenga ziwiri za tambala. Buku lachingerezi la usodzi la mu 1496 linatchula nyambo zotere khumi ndi ziwiri, nazonso zaubweya wa nkhosa ndi nthenga. Zambiri zinali zopezeka pafupi.

Zinthu zinasokonekera m'zaka za m'ma 1800, ufumu wa Britain utatambalala. Omanga nyambo za nsomba ya salimoni anayamba kulimbirana nthenga za mbalame za ku India ndi ku South America, ndipo George Kelson, m'buku lake la mu 1895, anazisandutsa ngati malamulo. Ine ndimaona kuti apa nyambo inasiya kukopa nsomba n'kuyamba kukopa anthu, pakuti salimoni ikalowa mumtsinje kukaswa sidya n'komwe.

Nkhosa sinachoke m'nkhaniyi. Cha m'ma 1900, R. S. Austin, wogulitsa fodya ku Tiverton, anamanga nyambo yotchedwa Tup's Indispensable, n'kubisa chimene ankasakanizamo. Chinsinsi chinaululika mu 1934: unali ubweya wometedwa kumalo obisika a nkhosa yamphongo, wosakaniza ndi wa galu ndi wa nyama zina. Tangoganizani njonda za ku England zikusungirana chinsinsi chotero zaka makumi atatu!

Nkhosa zakutchire ndi nkhani ina. Za m'mapiri a Alaska ndi Canada, zija amati Dall, zili ndi cheya choyera chokhala ndi mpweya m'kati, choncho chimayandama. Sichigulitsidwa wamba, munthu amachipeza ngati ali ndi mnzake mlenje. Kuno kulibe nkhosa yakutchire; mu Africa muno imapezeka kumpoto kokha, kumapiri a Atlas ndi a m'chipululu cha Sahara. Asodzi a ku South Africa anapeza choloweza m'malo, chomwe ndi chinkhoma, kanyama kaja kodumphadumpha m'matanthwe, kamene cheya chake n'chabowo m'kati ngati bango. Koma ku Zambia, lamulo la nyama zakutchire la mu 2015 silola munthu kusunga chikopa cha nyama yotere popanda chikalata, ndiye aliyense woyang'ana mapiri a Kacholola ndi maganizo amenewo ayambe waganizira za ndende.

Malamulo ndi amene anakankhira luso limeneli ku zinthu zoloweza m'malo. Mu 1972 dziko la America linaletsa malonda a zikopa za nyama zoyamwitsa za m'nyanja, ubweya wonyezimira wa chimbalangondo choyera n'kusowa. Pangano la CITES la mu 1973 linatsekanso njira ya nthenga zambiri. Omanga nyambo anatembenukira ku nkhosa zoweta za ku Iceland, za ubweya wautali wofewa, ku mbuzi, ndi ku ulusi wa pulasitiki. Ena mtima sunawachoke: mu 2009 Edwin Rist anathyola nyumba yosungiramo mbalame ku Tring, ku England, n'kuba zikopa 299, zina zimene katswiri wa zachilengedwe Alfred Russel Wallace anatolera, kuti nthenga zake zikagulitsidwe.

M'chigawo chathu chino lusoli linabwera ndi atsamunda amene anathira nsomba za trout m'mitsinje yozizira ya ku Zomba, Mulanje ndi Nyika ku Malawi. Pa Luangwa ndi Zambezi mwini madzi ndi mcheni, uja alendo amati tigerfish, ndipo iye salemekeza ntchito ya manja a munthu. Nyambo imene amamuponyera kawirikawiri ndi Clouser Minnow, yomwe Bob Clouser anaimanga mu 1987 ndi cheya cha kumchira kwa gwape wa ku America ndi timaso tiwiri tachitsulo toimiza. Mcheni akaiwakha kawiri katatu, chotsala ndi mbedza ndi tizingwe tolendewera. N'chifukwa chake ambiri tsopano amamanga ndi ulusi wa pulasitiki, wolimba ndiponso wosamwa madzi.

Ulusi umenewo sunasiyane kwenikweni ndi meshi amene amayi amalukira kumutu, ndipo omanga nyambo ena amagula yemweyo. Pa msika wa Nyimba amapezeka wamitundumitundu. Nthenga zamawangamawanga za nkhanga, zimene ku London amazigula m'timapepala, kuno ana amazitola kuseri kwa khola, ndipo mchira wa mbuzi yophedwa pa Khirisimasi nthawi zambiri umathera kwa agalu.