Mabwalo a Masewero m'Boma la Lilongwe

Masewero a cricket ndi rugby anabwera ku Nyasaland ndi Angerezi, omwe ankasewera m'makalabu awo ku Zomba ndi Blantyre. Amwenye nawonso anakonda cricket. Kumidzi masewerowa sanazike mizu, chifukwa bwalo la cricket limafuna kapinga wothirira ngakhale m'chilimwe, ndiponso malo apakati osalala ndi olimba, zomwe zimadya ndalama zambiri. Ku Namitete, Nsaru ndi Kabudula, anthu ankalambula okha mabwalo a pasukulu ndi makasu, n'kuzika mitengo ya magoli a mpira wamiyendo ndi wa ntchemberembaye.

Mumzinda, bwalo la Bingu National Stadium ku Area 48 linamangidwa ndi ngongole ya China, n'kutsegulidwa mu 2017. Mumalowa anthu oposa 40,000, koma analikonzera mpira wamiyendo ndi mipikisano yothamanga.