Nsengwa: Kuchoka m'Manja mwa Azamba Kufika ku Labotale

Kumidzi ya Achewa ku Chipata ndi ku Katete, mwana akabadwa, nsengwa sinkaonetsedwa kwa amuna. Azamba ankaikulunga mu kansanza n'kukaikwirira mobisa, poopa kuti wa mtima woipa angaifukule n'kutseka mayiyo kuti asadzaberekenso. Mayi ankakhala m'chikuta mpaka mchombo wa khanda utagwa.

Anthu a m'madera amenewa a kum'mawa kwa Zambia atasamukira ku Lusaka, mwambowu anabwera nawo. Koma ku Kalingalinga, komboni yoyandikana ndi yunivesite ya UNZA, nyumba n'zothithikana ndipo zambiri n'zalendi. Malo okumbapo dzenje popanda maso a aneba anayamba kusowa.

M'zaka za m'ma 1980, bungwe la ku Germany la GTZ linathandiza kutukula komboniyi. M'zaka zotsatira, kubereka kunasamukira pang'onopang'ono ku kiliniki ndi ku chipatala chachikulu cha UTH, ndipo mu 2010 boma la Zambia linasiya kuphunzitsa azamba kubereketsa. Lero namwino amayamba waiunika nsengwa ngati yatuluka yonse, chifukwa kachidutswa kotsalira kamataitsa magazi ambiri. Kenako imaponyedwa m'dzenje la chipatala kapena kuwotchedwa.

Kunja nako, chimene agogo ankabisa chasanduka chuma cha ofufuza. Mu 2018, Margherita Turco ndi anzake ku Cambridge anameretsa maselo a nsengwa m'madzi okhuthala ngati phala mpaka anaumbika timipira totulutsa hCG, homoni imene imaonetsa kuti mayi waima. Pa timipirato amafufuza mmene nsengwa imakulira komanso gwero la matenda othamanga magazi a amayi apakati.