Chichewa cha kwa Mwase ndi Njira ya ku Nkhotakota

Ambiri mwa ife tili ndi mbale amene anachoka kunyanja kuno, kaya ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota, napita kukalowa utenanti m'maesiteti a fodya ku Kasungu. Pobwerako amabwera ndi nkhani ziwiri, ya mtengo wa fodya ndi ya kusekedwa. Mwana wa Chiyao akati athokoze, lilime limatulutsa "sikomo" m'malo mwa "zikomo", pakuti m'Chiyao mulibe liwu la z. Eni mudzi amafa nacho chiseko, namuuza kuti Chichewa chenicheni ndi cha kwa Mwase. Ife tawaonapo ena mwa anyamata amenewa akuchita manyazi kuyankhula pagulu, ena mpaka kuleka kuyankhula Chiyao ndi ana awo omwe. Tsono tiyeni tiione bwino mbiri ya mawu akuti "Chichewa chenicheni", pakuti ganizo limeneli lili ndi chaka chimene linayambira komanso anthu amene analiyambitsa.

Mwase ndi mfumu ya Achewa imene likulu lake linali patsinde pa phiri la Kasungu, ndipo mudzi wakewo sunali wobisika. Unali pa njira ya minyanga ya njovu ndi akapolo yochokera ku Luangwa ndi kwa Kazembe, kutsikira ku Nkhotakota, kumene Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika m'zaka za m'ma 1840. Kuchokera apo katundu ankawoloka nyanja kupita ku Kilwa ndi ku Zanzibar. David Livingstone anafika kwa Mwase m'chaka cha 1863 atakwera kuchokera kunyanja, ndipo anapeza dziko lozolowera kale alendo a malonda. Ubale wa Mwase ndi Aswahili unali wolimba kotero kuti Jumbe womaliza atachotsedwa pampando mu 1894, Saidi Mwazungu anakabisala kwa Mwase, ndipo mu December 1895 asilikali a boma la atsamunda, motsogozedwa ndi Alfred Swann, anakathira nkhondo mudziwo naugonjetsa.

Pa njira yotere sipayenda katundu yekha. Mawu akuti "bwana" ndi "ngalawa" tinawalandira kwa Aswahili. "Mzikiti" ndi msikiti wa Chiswahili, amene gwero lake ndi masjid wa Chiarabu. "Sadaka" ndi sadaqa, ngakhale kuno kwathu tanthauzo lake linapendekera ku chakudya chophikidwa pokumbukira omwalira. Ngakhale "ndalama", mawu amene Mchewa aliyense angalumbire kuti ndi a makolo ake, akatswiri ambiri amawalondola mpaka ku darahim, kuchulukitsa kwa dirham ya Aluya. Kuchokera mbali ya ku Tete kunabwera mawu a Chipwitikizi: sapato anasanduka "nsapato", batata "mbatata", carta "kalata", chapéu "chipewa". Ndipo fodya yemweyo, amene akudyetsa Kasungu yense, dzina lake ndi folha, kutanthauza tsamba.

Taonani mmene pakamwa pa Mchewa pamagwirira ntchito. Sipameza mawu a mlendo osawatafuna. Pamaika n kapena m kutsogolo kuti afanane ndi "nsalu" ndi "mbale", pamasandutsa r kukhala l, ndipo pamatseka liwu lililonse ndi a, e, i, o kapena u, chifukwa mawu a Chichewa sathera panjira. Chipewa chinalowa m'gulu la "chinthu" chifukwa chinayamba ndi liwu lofanana ndi chi, ndipo pochulukitsa chinakhala "zipewa", zimene Mpwitikizi sangazizindikire. Aswahili anachita chimodzimodzi ndi kitab ya Chiarabu: anaitcha kitabu, ndipo zikachuluka ndi vitabu, ngati kuti ki uja anali wawo. Palibe mfumu kapena komiti imene inakhala pansi kulamula zimenezi. Anazichita amayi pamsika ndi amtengatenga panjira, aliyense osadziwa kuti akutsata lamulo.

Ntchitoyi sinaleke. Amene anapita ku migodi kudzera ku Wenela anabwera ndi "Joni" m'malo mwa Johannesburg, ndipo amene sanabwerere tinawatcha "matchona", kuchokera ku mawu a Chizulu onena za kulowa kwa dzuwa. Maesiteti atachuluka ku Kasungu m'zaka za m'ma 1970 kunadza "tenanti", "giledi", "belo", "shedi" ndi "okushoni", ndipo mlimi wopita ndi fodya wake ku Chinkhoma amawatchula mawu amenewa osaganiza n'komwe kuti ndi a Chingerezi.

Nanga dzina la chiyankhulochi? Amene anayamba kuchilemba sanachitche Chichewa. Johannes Rebmann anasonkhanitsa mawu ake kufupi ndi Mombasa m'zaka za m'ma 1850, kuchokera pakamwa pa Salimini, munthu wa kuno amene anatengedwa ukapolo, ndipo bukulo linasindikizidwa mu 1877 ndi dzina lakuti Kiniassa, ndiko kuti chiyankhulo cha kunyanja. David Clement Scott wa ku Blantyre analemba dikishonale ya Chimang'anja mu 1892. M'masukulu ndi m'maofesi a boma dzina linali Chinyanja, ndipo ku Zambia ndi ku Mozambique likadali lomwelo. Dzinali limaloza kunyanja kuno kumene ife tikukhala.

Chichewa cha ku Kasungu chinakwera kudzera mwa mwana wa m'dziko la Mwase, Hastings Kamuzu Banda. Ali pa sukulu ku University of Chicago kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, anathandiza katswiri wina wachikuda wa ku America, Mark Hanna Watkins, amene ankamufunsa mawu ndi ziganizo nalemba. Buku la Watkins la malamulo a Chichewa linatuluka mu 1937, ndipo Chichewa chimene chili m'menemo ndi cha ku Kasungu monga mmene Banda anachisiyira ali mnyamata. Mu 1939 Mfumu Mwase ya nthawi imeneyo inapita ku London kukathandiza ophunzira chiyankhulochi, ndipo inakumana ndi Banda kumeneko. Munthu amene wakhala kunja zaka makumi anayi amasunga mawu a kwawo ngati mbewu m'chiguduli. Atabwerera mu 1958 anapeza anthu akuyankhula mosiyana ndi mmene ankakumbukira, ndipo anaona ngati chiyankhulo chaonongeka.

Msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party wa mu 1968 unagamula kuti dzina likhale Chichewa, ndi kuti Chichewa ndi Chingerezi zokha ndizo zimveke pa wailesi ndi m'masukulu. Chitumbuka chinachotsedwa pa MBC. Mu 1972 kunakhazikitsidwa Chichewa Board kuti iziyang'anira kalembedwe ndi kayankhulidwe, ndipo Banda mwini wake ankapita ku Chancellor College kukaphunzitsa Chichewa, nadzudzula Chinyanja cha amishoni ndi cha m'tauni. Tisanamize, ntchitoyi inali ndi phindu lake. Lero munthu wa ku Nsanje ndi wa ku Nkhotakota amawerenga kalata imodzi namvana, ndipo tsamba lino tikulilemba m'kalembedwe kamene kanachokera kumeneko. Koma mtengo wake unalipidwa ndi ena. Mwana wa Chiyao ankalowa Sitandade 1 namva chiyankhulo chimene mayi ake sanamuyamwitse nacho, ndipo Chiyao sichinamveke pa wailesi ya boma mpaka 1996, m'nthawi ya Bakili Muluzi, chaka chomwecho chimene Chichewa Board inalowedwa m'malo ndi Centre for Language Studies ku Zomba.

Ife amene tinadutsa m'madrasa nkhani imeneyi si yachilendo. Chiarabu cha m'mabuku chinasungidwa mosamala kwa zaka zoposa 1,000, koma amene anakaphunzira kunja adzakuuzani kuti munthu wa ku Morocco ndi wa ku Iraq akayankhula cha pamsika wa kwawo amavutika kumvana. Cholembedwa chimaima, cha pakamwa chimayenda.

Chodabwitsa kwambiri chili pa kachilembo kamodzi, w wovala chipewa, amene tinkamuona m'dzina la dziko lathu, Malaŵi. Liwu limeneli limatuluka milomo itayandikana koma yosazungulira, ndipo akuluakulu a ku Kasungu ankalitchula bwino lomwe m'mawu ngati "kudziŵa", "aŵiri" ndi "Acheŵa". Banda ankalikonda, ndipo linali ngati chizindikiro cha Chichewa chenicheni chija. Ngakhale linali ndi boma lonse kumbuyo kwake, linagwa. Achewa ambiri lero amalitchula ngati w wamba, nyuzipepala zambiri sizililemba, ndipo achinyamata a pa Kasungu boma polemberana pa foni salikumbuka n'komwe. Kumpoto kwa Kasungu, kumene Achewa amakwatirana ndi Atumbuka, mudzamvanso "vinthu" m'malo mwa "zinthu", monga amanenera ku Lusaka, ndipo mawu amenewo mphunzitsi wa Chichewa amawadula ndi cholembera chofiira ngakhale ali a m'dziko la Mwase lomwelo.

Liwu lija silinafe ayi. Likadali lamoyo m'ziyankhulo ziwiri zimene zinatsekeredwa kunja kwa wailesi mu 1968. Mtumbuka amati "ŵanthu". Ndipo tenanti wa ku Mangochi uja, wosekedwa chifukwa cha "sikomo", akabwerera ku msasa wake madzulo naitana ana kuti adzadye, amati "ŵanache", milomo yake ikutulutsa liwu lomwelo limene Watkins analimva ku Chicago pakamwa pa mnyamata wa kwa Mwase.