Njira ya mauthenga ya XMPP ndi vuto la kusowa oisamalira

Anthu ambiri amene amatumizirana mauthenga pa WhatsApp m'maboma a Machinga ndi Balaka, kuyambira pa Liwonde ndi Ntaja kufikira ku Ulongwe, sadziwa kuti pulogalamuyi inamangidwa pa njira ina yotchedwa XMPP.

Njirayi anaiyambitsa ndi a Jeremie Miller m'chaka cha 1999 ndi dzina loti Jabber, ndipo bungwe la IETF linaivomereza mu 2004. Ubwino wake ndi wakuti ilibe mwini. Munthu, sukulu kapena bungwe lingathe kukhazikitsa seva yakeyake, yomwe ndi kompyuta yolandira ndi kupititsa mauthenga, n'kumalumikizana ndi maseva ena monga momwe imelo imayendera.

Koma kusowa mwiniko kuli ndi vuto lake. Mndandanda wa maseva otseguka kwa onse, zida zoyesera chitetezo cha seva, komanso mndandanda wa maseva ofalitsa mauthenga achinyengo, zambiri mwa izi zimasamalidwa ndi anthu ongodzipereka, osalandira malipiro. Wosamalirayo akatanganidwa kapena kusiya, mndandanda umatsala ndi maina a maseva amene anatsekedwa kalekale, ndipo wofuna kulembetsa amangogogoda pa bwinja. Izi si zachilendo kwa mudzi umene mjigo wake unafa komiti itagwa ulesi.

Makampani aakulu nawo sanakhalitse. Kampani ya Google inayamba kugwiritsa ntchito XMPP mu 2005 kudzera mu Google Talk, koma inayamba kuitaya mu 2013 itabweretsa Hangouts. Facebook inatseka khomo lake la XMPP mu 2015.