Frank Boucher, Katswiri Wopatsira Anzake

Masewera a dziko lozizira

Ku Canada kumazizira koopsa. Nyengo yachisanu mitsinje ndi maiwe zimaundana, madzi n'kuuma gwa, anthu n'kumayendapo. Kumeneko ndi kumene kunakulira masewera a ice hockey.

Osewera amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chowongoka kunsi kwake, choterera nacho pa madzi oundanawo. M'manja amagwira ndodo yokhota kumapeto. Mpira wake ndi kalabala kakuda, kolimba, kaphwatalala, kotchedwa puck. Timu iliyonse imalowetsa anthu 6: goloboyi, otchinga kumbuyo awiri, ndi akutsogolo atatu. Mwa atatuwo, wapakati ndiye amagawa masewera. Amalanda puck, amaona mnzake amene ali pabwino, n'kumupatsira kuti agoletse. Frank Boucher anali mmodzi mwa akatswiri oyambirira pa ntchito imeneyi.

Mwana wa ku Ottawa

Frank anabadwa pa 7 Okutobala 1901 mumzinda wa Ottawa, likulu la Canada. Bambo ake, a Tom Boucher, anali katswiri wa rugby. Ana awo aamuna anayi anadzasewera mu NHL, ligi yaikulu ya ice hockey: George, Billy, Frank ndi Bobby.

Frank anasiya sukulu ali ndi zaka 13 n'kuyamba ntchito. Kenako analowa upolisi, m'gulu la apolisi oyenda pa akavalo. Koma mtima wake unali pa masewera. Mu 1921 analowa timu ya Ottawa Senators, kumene mkulu wake George ankasewera kale.

Wapakati wa timuyi anali Frank Nighbor, katswiri wolanda puck ndi ndodo yokha, osagunda munthu. Mnyamatayo ankakhala nthawi yambiri pa benchi, maso ali pa Nighbor. Luso limenelo analitola, ndipo linadzamuthandiza moyo wake wonse.

Zaka zinayi ku Vancouver

Mu 1922 Frank anapita kumadzulo kwa dzikolo, kukasewera mu timu ya Vancouver Maroons. Mu 1923 timu yake inakumana ndi Ottawa polimbirana chikho cha Stanley Cup, chikho chachikulu kuposa zonse m'masewerawa. Frank anali mbali iyi, George mbali inayo. Ya mkulu wake ndiyo inapambana.

Mu 1926 ligi ya kumadzuloko inatha, osewera n'kumwazikana. Chaka chomwecho kunabadwa timu yatsopano ku America, ya New York Rangers. Frank anapita komweko.

Atatu omvana

Mphunzitsi wa Rangers, a Lester Patrick, anaika Frank pakati pa abale awiri. Kumanja kunali Bill Cook, kumanzere Bun Cook. Anthu anawatcha Bread Line, ndipo atatuwa anasewera limodzi zaka khumi.

Taonani mmene ankachitira. Frank akutsetsereka chapakati, puck ili kunsonga kwa ndodo, mutu uli m'mwamba. Otchinga awiri akumuthamangira. Iye sakupupuluma. Akudikira mpaka onse awiri amuyandikire, pamenepo n'kukankhira puck pakati pawo. Ikukafika pamalo opanda munthu, ndipo Bill Cook akutulukira pomwepo n'kuimenya. Nthawi zina mmodzi ankangoisiya puck kumbuyo kwake osacheuka, podziwa kuti mnzake akubwera.

Kumvana kotereku sikunabwere mwamwayi. Atatuwa ankakambirana za malo amene aliyense ayenera kupezeka, n'kumayeserera mobwerezabwereza. Mu 1929 malamulo anasintha, osewera analoledwa kupatsirana chakutsogolo ngakhale pafupi ndi golo la adani. Lamuloli linamukomera Frank. Mu nyengo ya 1929 mpaka 1930 anagoletsa zigoli 26, ndipo anathandiza anzake kugoletsa zina 36. Nyengo zitatu anaposa osewera onse a NHL pa kupatsira kobala zigoli.

Chikho cha 1928

Mu 1928 Rangers inafika mu ndime yotsiriza, kukumana ndi Montreal Maroons. Masewera onse asanu anachitikira ku Montreal, chifukwa bwalo la Rangers, Madison Square Garden, linali litatengedwa ndi anthu oonetsa nyama ndi zisudzo.

Pa masewera achiwiri panagwa ngozi. Goloboyi wa Rangers, Lorne Chabot, anamenyedwa ndi puck pa diso. Masiku amenewo magoloboyi sankavala zophimba kumaso, ndipo timu inalibe goloboyi wina pa benchi. Mphunzitsi Lester Patrick, bambo wa zaka 44, wa imvi kumutu, anavala zotchingira n'kukaima pa golo yekha. Anyamata ake anamutchingira ndi mphamvu zawo zonse. Chigoli chimodzi chokha ndicho chinamudutsa. Nthawi inatha matimu atafanana, chimodzi kwa chimodzi. Mu nthawi yowonjezera, Frank Boucher anagoletsa chachipambano.

Pa masewera achisanu Rangers inapambana 2 kwa 1, ndipo zigoli zonse ziwiri anamwetsa ndi Frank. Apa tikuona kuti kupatsira anzake sikunali kuopa golo. Pamene panafunika kuti amenye yekha, ankamenya. Timuyi inatenga Stanley Cup ili ndi zaka ziwiri zokha. Inadzatenganso mu 1933, itagonjetsa Toronto.

Chikho cha khalidwe

Ice hockey ndi masewera ogundana. Kale osewera ankamenyana ndi ndodo, ena mano n'kuguluka. Wolakwa amatulutsidwa kwa mphindi zingapo, timu yake n'kumasewera yoperewera. Frank anasewera masewera oposa 550 mu NHL, koma chilango chake chonse chinangokwana mphindi 119. Osewera ena aukali ankafika pamenepo mu nyengo imodzi yokha.

Mu 1925 Lady Byng, mkazi wa nthumwi ya mfumu ya Britain ku Canada, anapereka chikho cha wosewera waluso amene alinso ndi khalidwe. Woyamba kuchilandira anali Frank Nighbor. Kuyambira 1928 mpaka 1935, Boucher anachilandira kasanu ndi kawiri pa zaka 8. Mu 1932 mokha ndi mmene chinapita kwa wina, Joe Primeau wa ku Toronto. Pomaliza anamupatsiratu Boucher chikhocho kuti chikhale chake, ndipo Lady Byng anapereka china chatsopano.

Kudziletsa kwa Frank kunkapindulira timu. Wosewera amene wakhala pa mpando wa chilango sangapatsire mnzake. Frank ankakhalabe m'bwalo pamene ankafunika.

Mphunzitsi

Frank anasiya kusewera mu 1938. Chaka chotsatira anakhala mphunzitsi wa Rangers, ndipo mu 1940 timuyo inatenganso Stanley Cup. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itakula, osewera ambiri anapita kunkhondo, timu n'kufooka. Mu nyengo ya 1943 mpaka 1944 Frank anavalanso nsapato zake ali ndi zaka 42, ndipo anasewera masewera 15.

Nthawi yomweyo anathandiza kukonza lamulo la mzere wofiira wodula bwalo pakati. Mzerewu unalola osewera kupatsirana patali kuchokera kumbuyo, masewera n'kufulumira. Anapitiriza kutumikira Rangers monga mkulu woyendetsa timu mpaka 1955. Mu 1958 dzina lake linalowa mu Hockey Hall of Fame, nyumba yokumbukira akatswiri. Anamwalira pa 12 Disembala 1977 ku Kemptville, m'chigawo cha Ontario, ali ndi zaka 76.

Anthu amakuwira wogoletsa. Mbiri ya Frank Boucher ikutiuza kuti tizionanso amene wakonza njira ya chigolicho, ndiponso kuti munthu angathe kupambana pa masewera aukali osavulaza mnzake.

Mafunso okambirana

1. Kodi ntchito ya wosewera wapakati ndi yotani?
2. Kodi Frank anaphunzira luso lanji kwa Nighbor?
3. N'chifukwa chiyani a Lester Patrick anaima pa golo mu 1928?
4. Kodi kudziletsa kwa Frank kunkaithandiza bwanji timu yake?
5. Tchulani ntchito ya kwanu imene imayenda chifukwa cha munthu wokonzera anzake njira.