Mutu wa Chidole Nawonso Unali Chinthu Chachilendo

Anthu akamatsutsana ngati wophunzira udokotala wa mano aziphunzira pa kompyuta kapena "mwa njira yakale", ine ndimafuna ndiwafunse kuti akunena njira yakale iti. Njira yakale yeniyeni inali yophunzirira pakamwa pa munthu wamoyo. Mnyamata ankakhala kwa katswiri, kumupatsira zida, kenako tsiku lina n'kupatsidwa wodwala. Sukulu yoyamba ya mano padziko lonse, Baltimore College of Dental Surgery, inatsegulidwa mu 1840 ku America, koma ngakhale sukulu zitayamba, dzanja la wophunzira linkakhwimira pa anthu osauka obwera kudzazulitsa mano motchipa.

Mu 1894 dokotala wa ku Glasgow, Oswald Fergus, anabweretsa chida chomwe lero timachitcha phantom head. Chinali chosavuta: ndodo yachitsulo ndi nsagwada ziwiri zachitsulo momwe ankaikamo mano. Wophunzira akanatha kulakwitsa popanda wina kutuluka magazi. Mutu wa chidolewu ndi womwe lero ukutchedwa mwambo, chonsecho nawonso ndi chofanizira chabe. Sumva kuwawa, sutulutsa malovu, lilime lake silisuntha.

Patadutsa zaka pafupifupi 100, kompyuta inalowa m'kalasi. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera DentSim, ya kampani ya DenX ya ku Israel. Iyi sinataye chidole. Makamera ankalondola kachipangizo koboolera ndipo kompyuta inkaonetsa pomwe wophunzira wapyoza muyezo. Kenako Simodont, yopangidwa ndi kampani ya Moog mogwirizana ndi sukulu ya mano ya ACTA ku Amsterdam, inachotseratu dzino lenilenilo. Wophunzira amavala magalasi a 3D n'kugwira chogwirira chomwe timamota tating'ono timachikankha, moti dzanja limamva kulimba kwa enamel, kenako kufewa kwa malo ovunda, pomwe palibe chilichonse chikubooledwa.

Apa ndi pomwe ndimaima nawo okonda makina. Dzino lapulasitiki ukaliboola molakwika, latha, ugule lina. Komanso ndi lolimba mofanana paliponse, silikuphunzitsa kusiyana kwa mbali yowola ndi yabwino. Mano ozulidwa kwa anthu amaphunzitsa bwino, koma amasowa, amafunika kuphedwa tizilombo, ndipo palibe awiri ofanana: mnzako apeza losavuta, iwe lokhota mizu, mayeso n'kukhala amodzi. Makina amapereka dzino lomwelo kwa kalasi yonse, kubwereza kakhumi n'kwaulere, ndipo amayeza kuya kwa bowo mosakondera. Aliyense amene analemberedwapo malikisi ndi aphunzitsi awiri osiyana maganizo akudziwa kufunika kwa zimenezi.

Komabe pa makina ngati Simodont madzi sathovukira pakagalasi, ndipo tsaya silikutchinga. Kumata dzino ndi zomatira zenizeni, zomwe zimauma uli mkati moganiza, kumafunabe chidole. Ndipo kompyuta ingakuuze kuti wapyoza ndi theka la milimita, koma mphunzitsi woima kumbuyo kwako ndi amene amaona kuti vuto ndi momwe wagwirira chida ndi momwe wapindira msana. N'chifukwa chake ngakhale sukulu zomwe zinagula makinawa sizinataye mitu ya zidole.

Nkhaniyi ikutikhudza kuno. Malawi anayamba kuphunzitsa madokotala a mano a digiri mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili mu KUHeS, mothandizana ndi University of Glasgow kudzera mu ntchito ya MalDent. Inde, Glasgow yomweyo ya Fergus. Kale ofuna digiriyi ankapita kunja. Sukulu yatsopano chotere, ndalama zikapezeka, ine ndingati iyambe yadzaza chipinda ndi mitu ya zidole yokwanira aliyense, ilembe aphunzitsi ambiri, ndi kuphunzitsa amisiri okonza zidazo konkuno. Makina a VR ndi okwera mtengo, amafuna magetsi osazimazima, ndipo akafa wokonza amachokera kutali. Awiri kapena atatu, oti a chaka choyamba azizolowererapo dzanja ndi kagalasi asanaononge mano apulasitiki ogulidwa ndi ndalama zakunja, amenewo ndingawavomere.